Mmene mungayesere kulumpha kwa voltage ndi ATPDraw pa capacitor bank ya 33 kV

Ambiri amene ayamba kumene kugwiritsa ntchito mapulogalamu oyesera ma transient, kutanthauza kusintha kwadzidzidzi kwa voltage ndi current kwa kanthawi kochepa, sagwa chifukwa choti pulogalamu yakana. Imagwira ndithu, graph n'kutuluka yosiririka, mizere ikukwera ndi kutsika ngati zenizeni. Chovuta n'choti graph yoteroyo nthawi zambiri imakhala ikuyankha funso limene simunafunse. Mwalemba ma ohm pomwe pulogalamu imadikira ma millihenry, kapena mwaika 33,000 pomwe pamafunika 26,944, ndipo kompyuta siikuchenjezani. Imangowerengetsa zomwe mwaipatsazo.

Apa tigwira ntchito imodzi yokha: kuona zimene zimachitika m'kanthawi kosakwana n'komwe sekondi imodzi breaker (swichi yaikulu ya m'substation) ikalumikiza capacitor bank (gulu la ma capacitor) ya 5 Mvar ku busbar (polumikizirana nthambo m'substation) ya 33 kV, pa 50 Hz monga zilili ku ESCOM, ZESCO ndi Eskom. Ndasankha chitsanzo ichi chifukwa yankho lake limapezeka papepala ndi kalikuleta wamba, choncho mudzakhala ndi chogwirira kompyuta bodza. Manambala a bank ndi a busbar ndi ophunzirira chabe, si a substation ina iliyonse.

Zimene mukhale nazo musanayambe

Kompyuta ya Windows. Yakale yomwe ili bwino, dera lathu ndi laling'ono.

ATP, yomwe ndi pulogalamu yowerengetsayo. Siigulidwa, koma muyenera kusaina fomu ya laisensi kudzera ku limodzi la magulu a ogwiritsa ntchito ATP, monga la ku Ulaya lotchedwa EEUG. Yambani msanga kupempha chifukwa chilolezo sichibwera nthawi yomweyo.

ATPDraw, yojambulira dera. Iyi imangolemba fayilo yoti ATP iwerenge, payokha siiwerengetsa dera lanu.

PlotXY, yoonera ma graph kuchokera mu fayilo ya .pl4.

Pepala, cholembera ndi kalikuleta.

Manambala a dera lanu: voltage ya busbar, fault level yake mu MVA (mphamvu imene ingadutsepo pakachitika short circuit), X/R (reactance ya gwero kugawa ndi resistance yake), kukula kwa bank mu Mvar, komanso ngati pakati pa star ya bank-yo palumikizidwa kunthaka kapena ayi.

Amene muli ndi PSCAD ya ku Winnipeg, EMTP ya ku Montréal, PowerFactory kapena Simulink mutha kutsatira masitepe omwewa, mabatani okha ndi amene asiyane. PSCAD yaulere imalola ma node (malo olumikizirana zida m'dera) 15 okha ndipo imafuna compiler ya Fortran. Pa chitsanzo chathu ma node amenewo akwana, koma mukayamba kuwonjezera nthambo zazitali mudzapanikizika.

Sitepe 1: Lembani funso lanu m'chiganizo chimodzi

Lathu ndi ili: breaker ikalumikiza pa nthawi yoipitsitsa, voltage ya pa busbar ifika pati, current ifika pati, ndipo zigwedera pa frequency yanji?

Funsoli ndi limene limasankha zoti zilowe m'dera ndi zoti zitsale. Kulumikiza capacitor ndi nkhani ya mazana kapena masauzande ochepa a hertz, ndiye gwero la magetsi lingoimiridwa ndi resistance (R) ndi inductance (L). Likanakhala funso la mphezi, pomwe voltage yoyesera imafika pamwamba mu 1.2 µs, bwenzi tikufuna utali wa waya uliwonse m'substation ndi capacitance ya thiransifoma. Musajambule network yonse ya dziko poti muli nayo pa single line diagram.

Sitepe 2: Pezani yankho papepala kompyuta isanayatsidwe

Sitepe iyi ndi imene ambiri amadumpha, ndipo ndi imene ndikhalitsepo.

Tinene kuti fault level ndi 500 MVA ndipo X/R ndi 10.

Voltage ya pamwamba pa funde, kuchokera pa phase kufika kunthaka: 33,000 × √2 ÷ √3 = 26,944 V. Imeneyi ndiye 1 pu (per unit) yathu, muyezo woyerekezera nawo ma voltage ena onse.

Reactance ya gwero: 33² ÷ 500 = 2.178 Ω. Kuigawa ndi 2π × 50, yomwe ndi 314.16, tipeza L = 6.93 mH. R ndi 2.178 ÷ 10 = 0.218 Ω.

Reactance ya bank: 33² ÷ 5 = 217.8 Ω. Capacitance C = 1 ÷ 314.16 ÷ 217.8 = 14.61 µF pa phase iliyonse ya star.

Tsopano frequency yogwedera. Njira yachidule ndi 50 × √(500 ÷ 5), kutanthauza MVA kugawa ndi Mvar, zomwe zikupereka 500 Hz. Funde limodzi litenga 2 ms.

Current yolowa mwamphamvu: gawani 26,944 ndi √(L ÷ C). √ imeneyo ndi 21.78 Ω, choncho current ifika cha m'ma 1,237 A. Bank yomweyi ikakhazikika imakoka 87.5 A rms, kapena 124 A pamwamba pa funde, ndiye tikunena za kuwirikiza ka 10.

Nanga voltage? Capacitor yopanda chaji ikalumikizidwa funde lili pamwamba penipeni, busbar imayamba yagwera pafupi ndi 0, kenako n'kulumpha kupitirira pomwe inali mpaka kuyandikira 2 pu, ndiye kuti 53.9 kV. Siifikapo ndendende, chifukwa mu 1 ms imene imatenga kukwerako funde la 50 Hz limakhala layamba kale kutsika ndipo R yadyako pang'ono. Yembekezani pakati pa 52 ndi 53 kV.

Lembani manambala atatu awa pomwe muziwaona: 500 Hz, 1,200 mpaka 1,300 A, 52 mpaka 53 kV.

Sitepe 3: Lumikizani ATPDraw ndi ATP

Ikani ATP mu foda ya dzina lalifupi lopanda mipata, monga C:\ATP, pamodzi ndi fayilo yake ya STARTUP. Mu ATPDraw sonyezani pomwe pali ATP ndi pomwe pali PlotXY. Tsegulani chimodzi mwa zitsanzo zomwe zimabwera ndi ATPDraw, dinani F2, muone ngati fayilo ya .pl4 yatuluka.

Chenjezo: onetsetsani kuti Windows yanu ikulemba 6.93 osati 6,93. Makompyuta oikidwa pa chigawo cha South Africa nthawi zambiri amagwiritsa ntchito koma m'malo mwa dontho, pomwe fayilo ya ATP imafuna dontho.

Sitepe 4: Konzani Settings musanajambule kanthu

Dinani F3. Pali zinthu zisanu zoti mulembe.

Delta T ndi kadanga ka nthawi pakati pa kuwerengetsa kumodzi ndi kotsatira. Ikani 1E-5, kutanthauza 10 µs. Funde la 2 ms lidzakhala ndi madontho 200, okwana bwino.

Tmax ikhale 0.1 sekondi. Ndi mafunde 5 a 50 Hz, masitepe 10,000, ndipo kompyuta iliyonse imaliza musanachotse chala pa batani.

Xopt ikhale 0 ndipo Copt ikhalenso 0. Xopt ikakhala 0, ATP imawerenga inductance iliyonse mu mH. Mukaikapo 50, imawerenga nambala yomweyo ngati ma ohm pa 50 Hz. Copt ikakhala 0, capacitance imawerengedwa mu µF. Njira zonse ziwiri n'zololedwa, choletsedwa ndi kusakaniza. Taonani zomwe zimachitika: Xopt ili pa 0 koma inu mwalemba 2.178 poganiza za ma ohm. ATP itenga 2.178 mH, frequency ituluka cha m'ma 890 Hz m'malo mwa 500, current n'kupitirira 2,000 A, ndipo palibe uthenga uliwonse wokuuzani kuti mwalakwitsa.

Pa gawo la Output, Plot freq ikhale 1 kuti dontho lililonse lisungidwe. Mukamadumphitsa madontho, nsonga yeniyeni ya funde itha kugwera pakati pa awiri osungidwa inu osaiona.

Sitepe 5: Jambulani gwero ndi impedance yake

Dinani batani lamanja la mouse pamalo opanda kanthu, pa Sources musankhe AC source, muiike pa ma phase 3. Frequency 50. Pali posankha mtundu wa nambala imene mukulemba. Ngati mwasankha RMS L-L lembani 33000, ngati mwasankha Peak L-G lembani 26944. Kulemba 33000 pa Peak L-G kumakweza chilichonse ndi 22 peresenti, ndipo lipoti lanu linena kuti busbar yafika 64 kV pomwe sinafikepo.

Nthawi yoyambira gwero ikhale −1. Nambala yochepera 0 imauza ATP kuti iyambe yapeza mmene dera limakhalira litakhazikika pa 50 Hz, kenako iyambe kuyesa. Mukaika 0, dera lonse limayatsidwa mwadzidzidzi pachiyambi, ndipo kugwedera kwa kuyatsako kumasakanikirana ndi kumene mukufuna kuyeza.

Kumbukiraninso kuti gwero la ATP ndi cosine, si sine. Ngodya ikakhala 0, phase A imakhala pamwamba pa nthawi 0, kenako pa 0.02, pa 0.04, n'kumapita.

Kutsogolo kwa gwero ikani RLC (chida chokhala ndi R, L ndi C) ya ma phase 3, R = 0.218, L = 6.93, C = 0 pa phase iliyonse. Node ya kutsogolo kwake muitche BUS. Dzina la node ya ma phase 3 lisapitirire zilembo 5, chifukwa ATP imalola 6 ndipo chachisanu n'chimodzicho ndi cha A, B kapena C.

Imani pomwepa. Ikani voltage probe pa BUS, dinani F2, muone graph. Payenera kuoneka mafunde atatu osalala ofika pa 26.9 kV. Ngati si choncho, palibe chifukwa chopitirira.

Sitepe 6: Ikani breaker ndi bank

Pa Switches sankhani swichi ya ma phase 3 yoyendera nthawi. T-cl, nthawi yolumikiza, ikhale 0.02 pa ma phase onse. T-op, nthawi yodula, ikhale 1, kuti isadule n'komwe m'kati mwa kuyesaku. Yatsani potulutsa current ya swichi, apo ayi mu PlotXY simudzaipeza.

Kuseri kwa swichi ikani RLC ina ya ma phase 3, R = 0, L = 0, C = 14.61, mbali inayo muilumikize kunthaka. Tayamba ndi bank yolumikizidwa kunthaka chifukwa phase iliyonse imayenda payokha ndipo masamu a papepala aja amagwirizana nayo ndendende. Ma bank ambiri m'ma substation sakhala otero, pakati pa star pamakhala posalumikizidwa. Mukadzafika pojambula yoteroyo, ikani resistance yaikulu, ya ma megaohm, kuchokera pakatipo kupita kunthaka. Mukapanda kutero, swichi isanalumikize bank imakhala yolendewera yopanda njira yopita kunthaka, ndipo ATP imalemba mu fayilo ya .lis kuti yapeza floating subnetwork.

Sitepe 7: Yendetsani, werengani fayilo ya .lis, kenako graph

Dinani F2, kenako F5 kuti mutsegule .lis. Fufuzani mawu akuti KILL. Akapezeka ndiye kuti ATP yaima panjira, ndipo m'munsi mwake mwalembedwa mzere umene waipunthwitsa. Choopsa apa n'choti fayilo ya .pl4 ya ulendo wapita imatha kukhala idakalipo, inu n'kumasinkhasinkha pa graph yakale mukuyesa ndi yatsopano. Onani nthawi imene fayiloyo yalembedwa.

Mu PlotXY sankhani voltage ya BUSA ndipo mukulitse pakati pa 0.019 ndi 0.03. Pa 0.02 voltage igwa mwadzidzidzi, pa 0.021 ikhala pamwamba penipeni. Yezani ndi cursor kuchokera pa nsonga ina kufika pa inzake: pafupifupi 2 ms. Current ya phase A ikhale pakati pa 1,200 ndi 1,300 A. Ma phase B ndi C alumpha mocheperapo, poti pa 0.02 anali pa theka la voltage yawo.

Manambala akagwirizana ndi a papepala, dera lanu lili bwino. Akasiyana kwambiri, wolakwa ndi wojambula, ndipo kukula kwa kusiyanako kumaloza pomwe pali vuto. Kusiyana kwa 1.22 ndi voltage ya gwero. Kwa 1.41 ndi rms yosokonezedwa ndi peak. Kwa 1.73 ndi phase yosokonezedwa ndi line. Frequency ikasiyana ndi 1.78, bwererani ku Xopt.

Muonanso kuti kugwederako kukuchedwa kutha. Time constant yake ndi 2L ÷ R, pafupifupi 64 ms, choncho pofika kumapeto kwa graph kudakalipo. Pa busbar yeniyeni kumazirala msanga kuposa apa, chifukwa ma feeder amakhala atanyamula katundu ndipo resistance ya mawaya ndi ya thiransifoma imakula pa 500 Hz kuposa pa 50 Hz. Nsonga yoyamba mutha kuikhulupirira. Mchira wautaliwo ayi, pokhapokha mutaika katundu wa pa busbar m'dera.

Sitepe 8: Dulani Delta T pakati muyendetsenso

Ikani 5E-6. Nsonga ya voltage ndi ya current zikakhala pomwepo, 10 µs inali yokwanira. Zikasuntha, dulaninso pakati mpaka zitasiya kusuntha. Chitani izi nthawi iliyonse mwaonjezera chinthu m'dera, chifukwa chilichonse chatsopano chimatha kubwera ndi frequency yake.

Umboni wake nawu. Ikani bank yachiwiri ya 5 Mvar yolumikizidwa kale pa BUS, ndipo pakati pa ma bank awiriwo muike 0.03 mH, yoimira mamita pafupifupi 30 a busbar ndi mawaya, poti mita imodzi imakhala ndi 1 µH kapena kuyandikira pamenepo. Papepala kaye: ma capacitor awiri ofanana otsatizana amapereka 7.3 µF, ndipo ndi 30 µH frequency ndi pafupifupi 10,700 Hz, current cha m'ma 13 kA. Bank yodzaza imakhuthulira chaji mwa inzake yopanda kanthu monga madzi a mu thanki yodzadza akatsegulidwira mu thanki yoyandikana nayo kudzera pa paipi yaifupi yonenepa, ndipo inductance ya gwero siithandizapo chifukwa siili panjirapo. Funde limodzi ndi 93 µs. Ndi Delta T ya 10 µs muli ndi madontho 9 okha, graph yamakonamakona, ndipo frequency yake ndi yolakwika. Tsikani pa 1 µs.

Apa mpamene kuyesa kumayamba kukhala ndi phindu la ndalama. IEC 62271-100, buku la miyezo ya padziko lonse ya ma breaker, imapereka 20 kA pa 4,250 Hz ngati muyezo wa breaker yolumikiza bank pafupi ndi inzake. Current yathu ili pansi pa muyezowo koma frequency yaupitirira kawiri ndi theka. Onjezani reactor ya 0.2 mH panjirapo: frequency itsikira pa 3,900 Hz, current pa 4.8 kA. Werengetsani nokha papepala musanadine F2.

Sitepe 9: Yesani kudula

Chotsani bank yachiwiri. T-cl ikhale −1 kuti bank ikhale yolumikizidwa kuyambira pachiyambi, T-op ikhale 0.035. Swichi ya ATP siidula pa nthawi imene mwalemba, imadikira current idutse pa 0, monga imachitira breaker yeniyeni. Mu capacitor current imafika pa 0 voltage ili pamwamba, choncho bank imatsala ndi chaji ya 1 pu. Ikani probe ina kumbali ya bank muone mzere woongoka. Pakatha 10 ms busbar imakhala yatembenukira mbali ina, ndipo pakati pa mano a breaker pamakhala 2 pu. Arc, moto wa magetsi wa pakati pa manowo, ikayakanso pa nthawi imeneyo, voltage ya bank itha kufika 3 pu. Mutha kuyesa zimenezi poika swichi yachiwiri pambali pa yoyamba, yolumikiza 10 ms pambuyo pa kudula.

Tsopano yang'anani voltage ya BUS breaker itangodula. Ngati mukuona mano a sowo, dontho lina m'mwamba lotsatira m'munsi mosalekeza, si magetsi amenewo, ndi masamu. ATP imawerengetsa ndi trapezoidal rule, ndipo njira imeneyi imanjenjemera current ya mu inductor ikadulidwa popanda kwina kolowera. Kuti mutsimikize, sinthani Delta T: kugwedera kwenikweni kumakhala pa frequency yake yomweyo, kwabodza kumatsatira Delta T. Mankhwala ake ndi kuika capacitance yaing'ono ya ma nanofarad ochepa kuchokera pa BUS kupita kunthaka, yomwe pa busbar yeniyeni imakhalapo kale, kapena resistance yoyendera limodzi ndi inductor. Inductor ya phase imodzi ya mu ATPDraw imabwera nayo kale resistance imeneyi kudzera pa Kp, yomwe imayambira pa 7.5. PSCAD ndi EMTP zili ndi njira zawozawo zochotsera kunjenjemeraku zokha, n'chifukwa chake amene azolowera kumeneko amadabwa akakuona mu ATP.

Sitepe 10: Mukaonjezera nthambo yaitali

Nthambo ya makilomita ambiri siiimiridwa ndi R ndi L zokha, chifukwa funde limatenga nthawi kuti lifike kumapeto n'kubwerera. Pa nthambo za m'mwamba limayenda pafupifupi mamita 300 pa µs imodzi. Pa nthambo ya 400 kV yochokera ku Phombeya kukafika ku Nkhoma, ya makilomita pafupifupi 173, ulendo umodzi ndi 0.58 ms. M'ma cable a pansi liwiro limatsika kufika cha pa theka.

Gwiritsani ntchito LCC, chida cha mu ATPDraw chopangira model ya nthambo ndi ma cable. Imafuna kutalika kwa waya uliwonse kuchokera pansi, pa nsanja ndi pakati pomwe wagwera, mipata ya pakati pa ma phase, kunenepa kwa waya, resistance yake ndi resistivity ya nthaka. Samalani: malo a kunenepa amafuna radius mu masentimita, pomwe mabuku a opanga mawaya amalemba diameter mu mamilimita. Ambiri amaika 100 Ωm pa nthaka poti ndi nambala yozolowereka, koma nthaka yamiyala m'chilimwe imapitirira kutali, ndiye ngati pali zoyeza za pamalopo gwiritsani ntchito zimenezo.

Pa mtundu wa model, PI ndi ya nthambo zazifupi ndi za 50 Hz. Bergeron imatsata kuyenda kwa funde koma manambala ake ndi a frequency imodzi imene mwaiuza, choncho musaisiye pa 50 Hz mukamayesa kulumikiza. Pa nthambo yotseguka kumapeto, frequency yoyenera ndi 1 kugawa ndi maulendo anayi a funde, zomwe pa makilomita 100 ndi pafupifupi 750 Hz. JMarti imasintha manambala malinga ndi frequency ndipo pa nthambo za m'mwamba ndi imene ine ndingayambe nayo.

Lamulo losaphwanyika: Delta T ikhale yochepera nthawi ya ulendo wa funde pa nthambo yaifupi kwambiri m'dera lanu. Kachidutswa ka mamita 300 kokha kamakukakamizani kutsika pansi pa 1 µs. Ngati funso lanu si la mphezi, kachidutswa koteroko kapangeni PI.

Mukatha, yerekezani R, X ndi charging ya pa 50 Hz imene LCC yapeza ndi manambala a pa load flow. Zikasiyana, mwalakwitsa polemba mawonekedwe a nsanja.

Zolakwika zofala

Kuyesa kamodzi n'kulemba lipoti. Pa bank yathu tikudziwa kuti poipitsitsa ndi pamwamba pa funde. Pa nthambo yaitali sizidziwikiratu, chifukwa mano atatu a breaker sagunda nthawi imodzi ndipo phase ina imakoka inzake. Gwiritsani ntchito statistical switch, yomwe imasintha nthawi yolumikiza ulendo uliwonse, muyendetse ka 100 kapena ka 200, mutenge voltage imene imapitiriridwa ndi 2 peresenti yokha ya maulendowo. Ndi nambala imene IEC 60071 imagwiritsa ntchito posankha insulation.

Kutenga fault level yaikulu yokha. Pa network yodalira madzi a Shire ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, makina ena akaima fault level imatsika, ndipo frequency yogwedera imatsika nayo. Pa bank yathu, 500 MVA ikupereka 500 Hz, koma 125 MVA ikupereka 250 Hz, yomwe ndi harmonic yachisanu ndendende, yofala kwambiri pomwe pali ma drive ndi ma rectifier. Yesani pamwamba ndi pansi pomwe.

Kuika thiransifoma yopanda saturation pomwe funso ndi la inrush kapena ferroresonance. Yankho lituluka loyera koma lopanda ntchito. Mukamaika saturation, kumbukirani kuti test report imapereka voltage ndi current za rms, pomwe inductor yosaongoka ya ATP imafuna flux ndi current za pamwamba pa funde. ATP ili ndi SATURA yosinthira manambalawa, ndipo XFMR ya mu ATPDraw imalandira a pa test report mwachindunji.

Kuiwala surge arrester, chida choteteza ku kulumpha kwa voltage, kapena kuiika kuyambira pachiyambi. Yendetsani koyamba popanda arrester kuti muone kukula kwa vuto, kachiwiri ilipo, ndipo ulendo wachiwiriwo muyeze ma kJ amene yameza, osati voltage yokha. Arrester itha kugwira voltage bwinobwino pa graph chikhalirecho yamwa mphamvu yoposa imene ingapirire.

Kuimira fakitale ya magetsi a dzuwa, monga ya ku Salima kapena ya ku Golomoti, ndi gwero wamba lokhala ndi R ndi L. Inverter siichita ngati jenereta. Current yake ya pa fault imangopitirira pang'ono ya masiku onse, ndipo zochita zake zimalamulidwa ndi pulogalamu ya m'kati mwake. Pa ntchito yotere pemphani model ya EMT (yoyesera ma transient) kwa amene anapanga inverter, ndipo funsani msanga kuti ndi ya pulogalamu iti ndiponso imafuna Delta T yanji. Zambiri zimabwera za PSCAD ndipo sizitseguka mu ATP.

Kusunga fayilo imodzi n'kumaisinthasintha. Pakatha sabata simudzakumbuka kuti graph ya mu lipoti inachokera pa fault level iti. Ulendo uliwonse ukhale ndi fayilo yake ya .acp, dzina lake likhale ndi MVA, Mvar ndi Delta T, monga B5_S500_10us, ndipo pepala la masamu a Sitepe 2 mulijambule ndi foni mulisunge mu foda yomweyo.